Ana anga amalankhula Chingerezi bwino, nanga bwanji akulephera kuwerenga ndi kulemba?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya CDSS, ndipo ndimaphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Kalasi iliyonse ili ndi ophunzira oposa 70. Ambiri amalankhula Chingerezi mosajejema, ena amapambana ngakhale pamitsutso. Koma ndikawapatsa nkhani yoti awerenge n'kuyankha mafunso, kapena ndikawauza kuti alembe chimangirizo, zotsatira zake zimandifooketsa. Galamala ndawaphunzitsa mobwerezabwereza, mapepala a mayeso akale tawamaliza. Anzanga akuti tikhwimitse lamulo loletsa Chichewa pasukulu. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo si mbuli, ndipo inu simunagone pantchito. Zomwe mwakumana nazozi amazidziwa aliyense amene anaphunzitsapo anthu chiyankhulo chomwe sanayamwe. Chingerezi chimene mwana amalankhula pamtsutso n'china, chimene chili m'mabuku a Fomu 4 n'chinanso. Katswiri wa zamaphunziro Jim Cummins anasiyanitsa ziwirizi mu 1979, ndipo atafufuza za ana osamukira ku Canada kuchokera kumayiko ena anapeza kuti Chingerezi chochezera amachigwira m'zaka ziwiri zokha, pomwe cha m'mabuku chimawatengera zaka 5 mpaka 7. Amenewotu ndi ana okhala pakati pa eni chiyankhulo, omva Chingerezi m'basi, m'sitolo ndi pabwalo lamasewera. Wathu wa pa CDSS akangoweruka, Chingerezi chathera pompo mpaka mawa m'mawa.

Polankhula mwana ali ndi zomuthandiza zambiri. Amagwiritsa ntchito manja, amaona nkhope ya womumvera, amabwereza, ndipo liwu likamuthawa amazungulira mpaka afike pomwe amafuna. Papepala zonsezo palibe. Pali iye yekha ndi ziganizo zazitali zolembedwa ndi munthu amene sangamufunse kuti, "Mukutanthauzanji?" Galamala yomwe mwawaphunzitsa siinapite pachabe, koma galamala imauza mwana malamulo a chiyankhulo, siimupatsa chiyankhulocho. Nawo mapepala a mayeso akale amangoyeza zomwe mwana ali nazo kale, sawonjezerapo kanthu. Chimene ana anu akusowa ndi kuwerenga kwambiri, kuonetsedwa mmene chiganizo cha m'buku chimamangidwira, ndi kulembanso zomwe analemba kale.

Tiyambire pa mawu. Paul Nation, katswiri wa ku New Zealand amene wafufuza kwambiri za mmene anthu amaphunzirira mawu a Chingerezi, anaonetsa kuti munthu amawerenga momasuka popanda womuthandiza ngati akudziwa mawu 98 mwa 100 alionse a patsambalo. Kuti afike pamenepo powerenga nyuzipepala kapena buku la nthano la akuluakulu, ayenera kudziwa mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000. Banja la mawu ndi liwu limodzi pamodzi ndi otuluka mwa ilo, monga "decide", "decision" ndi "decisive". Tangowerengani nokha. Nkhani ya mawu 400 ikakhala ndi mawu 8 achilendo, mwana amatha kulota tanthauzo lake kuchokera ku mawu oyandikana nawo. Koma akamadziwa mawu 90 okha mwa 100, nkhani yomweyo ili ndi mawu 40 osadziwika, pafupifupi mzere uliwonse liwu limodzi. Pamenepo uphungu uja timakonda kupereka woti "ganizira tanthauzo kuchokera m'nkhani" sugwiranso ntchito, chifukwa mawu omwe akanamuunikira nawonso ndi achilendo. Mwana amangoyang'ana liwu la m'funso, kulisaka m'nkhani, n'kukopera chiganizo chonse pomwe walipezapo. Ndikhulupirira mayankho otere mwawachonga ambiri.

Musanachite china chilichonse, tengani tsamba limodzi la buku lomwe mukuphunzitsa, muuze mwana aliyense alembe mzere kunsi kwa liwu lililonse lomwe salidziwa, popanda malikisi kapena chilango. Mudzadziwa tsiku lomwelo kuti kalasi yanu ili pati. Kawirikawiri aphunzitsi amadabwa kuona kuti mawu ovutawo si aja aatali ochititsa mantha. Amakhala mawu ngati "assume", "factor", "significant", "imply", "derive", omwe sapezeka pocheza koma ali paliponse m'mabuku a Biology, Geography ndi History. Averil Coxhead anasonkhanitsa mabanja 570 a mawu oterewa mu 2000, pamndandanda wotchedwa Academic Word List, ndipo amapanga pafupifupi liwu limodzi mwa 10 alionse m'mabuku a maphunziro apamwamba. Mndandandawu umapezeka pa intaneti kwaulere. Musaupereke kwa ana kuti auloweze. Sankhani mawu 10 pa sabata, makamaka omwe ali m'mitu imene akuphunzira m'maphunziro ena nthawi yomweyo, ndipo liwu lililonse liphunzitsidwe pamodzi ndi mawu omwe limayenda nawo. Mwana wodziwa "significant" payekha sapita nalo patali, koma wodziwa "a significant increase in" wapeza chiyambi cha chiganizo.

Komabe mawu 8,000 simungawaphunzitse pabolodi, nthawi yake kulibe. Ambiri mwa iwo amalowa m'mutu chifukwa chokumana nawo kambirimbiri powerenga. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe sukulu zathu zimafookera kwambiri. Alipo ana amene amafika Fomu 4 asanamalizeko buku ndi limodzi lomwe la Chingerezi mwa kufuna kwawo. Amawerenga manotsi okopera pabolodi basi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 ku kalasi iliyonse m'sukulu zina zapulayimale zakumudzi ku Fiji, komwe ana amaphunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri monga kwathu kuno. Ana owerenga nthanowo anapita patsogolo pakumvetsa zowerenga mofulumira pafupifupi kawiri kuposa anzawo omwe ankangophunzira ziganizo zobwereza pakamwa. Inde, amenewo anali ana aang'ono, koma kuwerenga kwambiri kumathandizabe mwana akafika kusekondale.

Ndikudziwa funso lomwe muli nalo: mabukuwo ali kuti? Yambani ndi zomwe zingapezeke. Nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times zimangotayidwa m'maofesi kapena kukulungira mandasi. Zidulenidulani, nkhani iliyonse muimate pakatoni, muzisanje m'mabokosi atatu: zosavuta, zapakati ndi zolimba. Nkhani za mpira, za kukhoti, makalata opita kwa mkonzi, zonsezo zilowe. Pitani kunthambi ya National Library Service yomwe muli nayo pafupi mukafunse mmene sukulu ingabwerekere mabuku. Ngati pasukulu panu pali mabuku a nthano otsekeredwa m'kabati poopa kuti ang'ambika, atulutseni. Buku long'ambika ndi manja a ana lagwira ntchito yake. Kenako patulani mphindi 20, katatu pa sabata, zoti aliyense awerenge mwakachetechete chomwe wasankha yekha, inuyo mukuwerenganso chanu patsogolo, osati kuchonga makope. Pasakhale mafunso kapena malikisi. Mwana akamaliza angolemba mutu wa nkhaniyo m'kope lake ndi chiganizo chimodzi chonena maganizo ake. Ndipo chomwe akuwerengacho chikhale chosavuta kwa iye. Mwana wa Fomu 3 akasankha kabuku ka Sitandade 7 musamuseke, ndipo musalole anzake kumuseka. Liwiro limabwera powerenga zinthu zosavuta zambirimbiri, ndipo mwana wowerenga liwu limodzilimodzi amakafika kumapeto kwa chiganizo atayiwala chiyambi chake.

Kuwerenga kotereku kumafunika mnzake, komwe inuyo mumatenga ndime imodzi yolimba n'kuimasula pamaso pa ana. Taonani chiganizo ichi: "The depletion of forest cover, which has largely been attributed to charcoal production, has resulted in increased siltation of the Shire River." Palibe mwana wa ku Malawi amene sadziwa nkhani imeneyi. Anthu akuotcha makala, mitengo ikutha, dothi likukokolokera mu Shire. Akanati afotokoze pakamwa akanatha ndi ziganizo zitatu zazifupi, chilichonse chili ndi wochita ndi chochitika. Koma wolemba buku wasandutsa zochitikazo kukhala mayina: "depletion", "production", "siltation". Anthu ootcha makala aja asowamo m'chiganizo. Mwininkhani ndi mneni wake atalikirana chifukwa pakati palowa kachiganizo kena. Umu ndi mmene Chingerezi cha m'mabuku chimalembedwera, ndipo mwana sangazitulukire yekha.

Lembani chiganizo choterocho pabolodi. Funsani kuti mneni wamkulu ndi uti. Ambiri adzaloza "attributed", ndipo mwapeza pomwe amasokerera. Tsekani ndi dzanja mawu a pakati pa mipumiro iwiri ija, muwerenge zotsalazo. Funsani kuti akuchita ndani, akuchita chiyani, nanga chikuyambitsa chinzake n'chiti. Auzeni achiphwanye kukhala ziganizo zazifupi. Akatha, muwatembenuzire ntchito: apatseni ziganizo zitatu zazifupi za nkhani ina kuti azimange kukhala chimodzi. Chiganizo chimodzi patsiku, mphindi 10, chikwanira. Ntchito imeneyi imathandiza kuwerenga ndi kulemba pakamodzi, komanso ndiyo maziko a chifupikitso ndi kulemba manotsi, zomwe MANEB imafunsa pamayeso a MSCE.

Pali timawu tina tomwe ana amangotidumpha pomwe ndi tomwe tanyamula ganizo la wolemba. Mwana akaona "although" kapena "despite" ayenera kudziwa kuti mfundo yeniyeni ili kutsogolo, yoyambayi wolemba akungoivomera pang'ono kuti aigwetse. Akaona "this", "such" kapena "the former" aime, abwerere m'mbuyo, aloze ndi chala chomwe chikunenedwacho. Komanso "may", "tends to" ndi "suggests" amasonyeza kuti wolembayo sakutsimikiza kwenikweni, ndipo mwana amene sawaona amayankha ngati nkhaniyo yanena motsindika. Mafunso ofuna kuti mwana atulutse zomwe wolemba sananene poyera amagona pa timawu timeneti.

Tsopano kulemba. Chizolowezi chathu n'choti mphunzitsi alembe mutu pabolodi, ana alembe, iye achonge ndi cholembera chofiira, abweze makope, sabata yamawa mutu wina. Kumeneko ndi kuyesa ana, kuphunzitsa kulemba sikunayambe. Mwana amene sanaonepo lipoti labwino sangalembe lipoti. Choncho mtundu uliwonse wa chimangirizo, kaya ndi lipoti, kalata yantchito, zoyankhula pagulu kapena nthano, uyambe ndi chitsanzo chomwe mwachisanthula limodzi: ndime yoyamba ikugwira ntchito yanji, yachiwiri ikuwonjezera chiyani, wolemba wadutsa bwanji kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Kenako lembani china pamodzi pabolodi, ana akupereka ziganizo, inu mukulankhula mokweza zomwe mukuganiza: "Liwu ili talinena kale, tipeze lina. Mfundo iyi ilibe umboni, tiikepo chitsanzo." Alekeni aone mukufufuta ndi kusintha. Ana ambiri amaganiza kuti wodziwa Chingerezi amalemba kamodzi n'kukhala zolondola. Akatha zimenezi ndiye aliyense alembe chake.

Pali chinthu china chomwe sitichitchula kawirikawiri. Kwathu kuno munthu waulemu safikira pamutu wa nkhani. Amayamba wapereka moni, kulambula bwalo, mwina kuponyapo mwambi, mfundo yake n'kudzabwera pambuyo omvera atakonzeka. Limenelo ndi luso, ndipo pabwalo la mfumu kapena pachinkhoswe wolankhula mothamanga amaoneka wosaleredwa. Koma chimangirizo cha Chingerezi chimafuna mfundo patsogolo, zifukwa ndi zitsanzo pambuyo. Mwana akalemba ndime yonse yoyamba asananene chomwe akufuna kunena, sikuti sakuganiza bwino, akutsata mwambo womwe anakulira. Muuzeni poyera kuti njira zilipo ziwiri ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Muphunzitseni ndime imodzi yokha kaye: chiganizo choyamba chinene mfundo, chachiwiri chifukwa, chachitatu chitsanzo chenicheni cha kumudzi kwawo kapena cha m'buku. Mwana wotha kumanga ndime imodzi yolimba savutika kumanga zisanu.

Ndikupempheninso kuti mulimbane ndi matenda a mawu akuluakulu. Ana athu amakhulupirira kuti Chingerezi chabwino ndi chija chosamveka, ndiye amaloweza ziganizo zokometsera n'kuzimata paliponse, ena mpaka kuloweza chimangirizo chonse kuti akachitsanulire pamayeso kaya mutu ukugwirizana nacho kapena ayi. Yamikirani poyera mwana amene walemba chiganizo chachifupi chomveka, ndipo muwerengereni kalasi yonse.

Pa kuchonga, ndi ana oposa 70 simungathe kukonza cholakwa chilichonse, ndipo ngakhale mukanatha sizikanathandiza. Tsamba lofiira lonse mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope. Sankhani zolakwa ziwiri pa ntchito iliyonse, muwauziretu anawo kuti ulendo uno mukuyang'ana zimenezo. Zolakwa zambiri za ana athu zili ndi gwero lodziwika. Chichewa chilibe timawu ngati "a" ndi "the", ndipo "iye" ndi mwamuna kapena mkazi yemwe, n'chifukwa chake mayi amasanduka "he" pakati pa nthano. Wina amayamba nkhani m'nthawi yakale n'kulumphira m'nthawi yatsopano osazindikira. Pamalo polakwikapo ikani chizindikiro chokha chomwe mwagwirizana, osalemba yankho, kuti akonze yekha. Chachikulu koposa n'chakuti alembenso. Zimangirizo zinayi pa teremu, chilichonse cholembedwa kawiri, zimaphunzitsa zambiri kuposa khumi zolembedwa kamodzi. Asanakupatseni, asinthane makope awiriawiri, mnzake amuwerengere mokweza zomwe walemba. Khutu limagwira zomwe diso ladumpha. Inuyo sabata iliyonse chongani mozama makope a gulu limodzi, ena muwaone mwachidule, magulu azisinthana.

Za lamulo loletsa Chichewa, ine sindigwirizana nalo, ndipo ndinena chifukwa chake. Anzanuwo akufuna zabwino, akuona kuti ana akusowa Chingerezi chokwanira, ndipo pamenepo akunena zoona. Koma vuto la ana anu si kulankhula, mwanena nokha kuti amapambana pamitsutso. Kumulipiritsa mwana kapena kumutchetchetsa udzu chifukwa walankhula Chichewa panja sikuwonjezera liwu ndi limodzi lomwe la m'mabuku m'mutu mwake. Kumangomuphunzitsa kukhala chete, ndipo amene amakhala chete msanga ndi ofooka omwe mukufuna kuwathandizawo. M'zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anayerekeza ana a pulayimale a ku Malawi, omwe ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndi a ku Zambia, omwe nthawi imeneyo ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba. Pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo chakwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Kuchotsa chiyankhulo cha mwana sikunapindulitse Chingerezi chake. Luso lopeza mfundo yaikulu m'ndime, losiyanitsa umboni ndi maganizo, losanja zifukwa, mwana akaliphunzira m'chiyankhulo chimodzi amapita nalo ku chinzake.

Ndiye gwiritsani ntchito Chichewa mwanzeru, kapena Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, malinga ndi komwe muli. Asanalembe za ukwati wa ana aang'ono kapena za mtengo wa feteleza, apatseni mphindi zisanu akambirane m'magulu m'chiyankhulo chomwe akufuna. Mudzamva mfundo zakupsa zomwe sizikanatuluka m'Chingerezi. Kenako mfundozo azilembe mwachidule m'Chingerezi, ndipo chimangirizo chichokere pa manotsi amenewo. Chomwe muyenera kuletsa ndi kulemba nkhani yonse m'Chichewa n'kumaitanthauzira liwu ndi liwu, chifukwa kumeneko ndi komwe kumabala ziganizo zopindika. Njira ina yabwino yoonera ngati mwana wamvetsa ndime ndi kumuuza aifotokoze m'Chichewa m'ziganizo ziwiri. Wokopera sangabisale pamenepo. Kambiranani ndi mphunzitsi wa Chichewa kuti mamangidwe a ndime muziwaphunzitsa mofanana, komanso ndi a Biology ndi Geography kuti akupatseni ndime za m'mabuku awo zoti muzimasula m'kalasi mwanu. Ana amawerenga Chingerezi chambiri m'maphunziro amenewo kuposa mu phunziro lanu.

Ndikudziwa kuti mayeso akukuthamangitsani. Popanda kukhoza Chingerezi mwana salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse, ndipo kuti alowe kuyunivesite ya boma amafunika kirediti pa Chingerezi. Choncho magulu anu awiriwa musawatenge mofanana. A Fomu 4 nthawi yawathera, ndiye limbikirani pa kuphwanya ziganizo, timawu tolumikiza tija, ndime yomangidwa bwino ndi kulembanso. Mapepala a mayeso akale agwiritseni ntchito ngati nkhani zoti muzimasule limodzi, ndipo okhawo a m'masabata omaliza ndiwo alembedwe motsata nthawi. Koma ngakhale iwowa musawalande nthawi yowerenga mwakachetechete, ingoichepetsani. A Fomu 3 ndiwo muli nawo mpata weniweni. Bokosi la nyuzipepala lija liyambe ndi iwo teremu ino, ndipo ngati mungathe kukopa mphunzitsi wa Fomu 1 kuti ayambe nalonso, ana amenewo adzafika m'manja mwanu atawerenga kale zaka ziwiri. M'teremu yoyamba malikisi mwina sasintha kwenikweni, ndipo ena adzanena kuti mukutaya nthawi. Sungani chimangirizo choyamba cha mwana aliyense m'faelo, kuti pakutha pa chaka mudzachiyike pambali pa chomaliza, inu, anawo ndi a hedi mudzaone nokha ngati njirayi ikuyenera kupitirira.